Nambala imodzi inandidyera miyezi 14

Usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Disembala 2009 azakhali anga a ku Karonga anandiimbira foni ali pabwalo, ana akumveka kulira kumbuyo kwawo. Nthaka inali ikugwedezeka kuyambira pa 6 mwezi womwewo, koma chivomerezi cha usiku umenewo, cha mphamvu ya 6.0, ndicho chinang'amba khoma la nyumba yawo kuchokera pazenera mpaka pamaziko. Anandifunsa kuti, "Iwe amene ukuphunzira za miyala, tatiuze, chibweranso?" Ndinali m'chaka chachiwiri ku Chancellor College ku Zomba. Ndinangoti kakasi, foni ili kukhutu.

Funso limenelo ndi lomwe linandikokera ku ntchito imene ndikugwira lero. Mbali ina ndine wofufuza za mmene miyala ya pansi pa dziko imayendera, mbali ina ndine wolemba mapulogalamu a kompyuta oyerekezera kayendedwe kameneko. Achinyamata angapo akhala akundifunsa njira yolowera ntchitoyi, ndipo ndimaona kuti ndikangowauza za masikolashipu ndimakhala ndawabisira pamene ine ndinagwera.

Ku Zomba ndinkakonda nyundo, kampasi ndi maulendo okwera phiri kukaswa miyala ya syenite. Masamu ndinkangowawerengera mayeso, akatha n'kuwaiwala. Palibe anandiletsa kuwaphunzira bwino, ndinkawazemba ndekha poganiza kuti munthu wa miyala ntchito yake ndi kutchire. Nditamaliza ndinagwira zaka ziwiri kukampani ina yokumba mijigo, kenako ndinapeza mwayi wa digiri yachiwiri ku South Africa. Kumeneko ndi kumene ndinakumana koyamba ndi Linux, chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python ndi makompyuta akuluakulu a CHPC ku Cape Town. Kulemba code, kutanthauza malangizo omwe kompyuta imatsata, ndinakuphunzira ngati mmene mwana amaphunzirira njinga ya atate ake kumudzi: kugwa, kudzuka, kukweranso, mpaka ikuyenda, koma za mabuleki osadziwa kanthu. Mukadali pa koleji ndipo mtima wanu uli ku ntchitoyi, gwirani masamu a linear algebra ndi ma differential equation ndi manja awiri. Ine zinanditengera chaka chathunthu cha usiku kubweza zomwe ndikanaphunzira masana aphunzitsi ali patsogolo panga.

Kenako ndinalandiridwa kuchita PhD pa yunivesite ina ku Germany, ndalama zake za zaka zitatu. Funso la kafukufuku ndinalisankha ndekha, ndipo linali la kwathu. Nyanja ya Malawi yakhala m'chigwa chomwe chikutseguka pang'onopang'ono, mamilimita owerengeka chabe pachaka, pamene chigawo cha nthaka chotchedwa Rovuma chikupatukana ndi chigawo chachikulu cha Africa. N'chifukwa chake nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 chakumpoto. Kumpotoko mng'alu waukulu ndi wa Livingstone, womwe uli tsidya la Tanzania, pansi pa mapiri aja amaoneka munthu akaima pagombe la Karonga. Koma zivomerezi za 2009 sizinachokere pamng'alu waukuluwo. Zinachokera pa ming'alu ing'onoing'ono ya m'kati mwa chigwa, pansi penipeni pa midzi ya anthu. Ndinkafuna kudziwa kuti ming'alu yotereyi imayamba liti pamoyo wa chigwa, ndipo chimaiyambitsa n'chiyani.

Palibe angadikire zaka mamiliyoni khumi kuti aone yankho ndi maso, choncho timamanga chigwa m'kompyuta. Ine ndinkagwiritsa ntchito ASPECT, pulogalamu yaulere yolembedwa m'chilankhulo cha C++, yomwe pepala lake loyamba analemba Martin Kronbichler, Timo Heister ndi Wolfgang Bangerth mu 2012. Umajambula bokosi la miyala, tinene makilomita 400 m'lifupi ndi 100 kupita pansi, n'kulidula tizigawo tambirimbiri. Kenako umalikoka mbali zonse ziwiri pa liwiro la mamilimita ochepa pachaka, ndipo kompyuta imawerengera mphamvu ndi kutentha m'kachigawo kalikonse, sitepe ndi sitepe. Chinsinsi chonse chagona pa kulimba kwa mwala. Mwala wozizira wa pamwamba umasweka ngati mbiya. Wotentha wa pansi susweka, umayenda ngati nsima ikamavundulidwa, ndipo kusiyana kwa phala ndi nsima yolimba ndi kumene timakutcha viscosity. Model imodzi, kutanthauza bokosi limodzi lotereli, inkatha masiku atatu kapena anayi pa ma core (tizigawo towerengera ta kompyuta) mazana awiri.

Manambala a kulimba kwa miyala amachokera m'malabu momwe anthu amafinya timiyala pamoto woopsa. A olivine, mwala wa mu mantle (gawo lakuya la m'kati mwa dziko), ambiri timatenga kwa Hirth ndi Kohlstedt, 2003, ndipo nambala ina yofunika, yosonyeza mmene mwala umafulumirira kuyenda mphamvu yoifinya ikawonjezeka, yomwe timangoitcha n, ndi 3.5. A quartz, omwe ndinkaimira nawo crust (chikhungwa cha pamwamba cha dziko), ndinatenga kwa Gleason ndi Tullis, 1995, ndipo n yake ndi 4. Vuto n'lakuti a m'labu amalemba mphamvu mu megapascal pomwe pulogalamu imafuna pascal. Megapascal imodzi ndi ma pascal 1,000,000, ndipo posintha uyenera kubwereza maziro 6 amenewo molingana ndi n. Kwa olivine amakhala maziro 21. Kwa quartz amakhala 24.

Poti ndinkafuna kuyendetsa ma model ambiri, ndinalemba kapulogalamu kanga ka Python kosinthira manambala ndi kulemba mafayilo. Tsiku lomwe ndinkakalemba ndinali ndi olivine yekha, ndiye m'malo molemba n ndinangolemba 3.5 mumzeremo, poganiza kuti ndidzakonza mawa. Patapita milungu ndinaonjezera quartz pokopera mizere yomweyo n'kuimata m'munsi. Ndinasintha dzina la mwala, ndinasintha manambala ena onse, koma 3.5 uja anatsalira pamalo pake. Maziro atatu anasowa. Nambala inakula ka 1,000, ndipo ikadutsa mu n wa 4, crust yanga ya pansi inakhala yofewa pafupifupi ka 5.6 kuposa mmene ndinkaganizira.

Chikanakhala cholakwika chachikulu, pulogalamu ikanaima kapena kutulutsa zamisala, ine n'kudzidzimuka tsiku lomwelo. Koma ka 5.6 ndi kochepa m'dziko limene viscosity imasiyana kamamiliyoni pakati pa mwala wina ndi unzake. Zithunzi zinkatuluka zokongola. Choposa apo, zinkaonetsa zomwe mtima wanga unkalakalaka: mng'alu waukulu mbali imodzi, kenako pasanathe zaka mamiliyoni ambiri ming'alu ing'onoing'ono n'kumera m'kati mwa chigwa, ndendende ngati ku Karonga. Tsiku lomwe ndinaona chithunzi choyamba ndinatuluka mu ofesi n'kuzungulira nyumba yonse kunja kukugwa chipale, mtima ukugunda ndi chimwemwe. Sindinafunse chifukwa chimene zinakhalira bwino msanga chotero. Zotsatira zikakhala zoipa ndinkafufuza mpaka usiku, koma izi zinali zabwino, ndiye ndinazilandira ndi manja awiri.

Kachitidwe kanga ka nthawi imeneyo ndikanene mosabisa, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri akuchita chimodzimodzi lero. Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa code, ndinkangoimva. Mafayilo anga anali ndi mayina ngati omaliza, omaliza2, omaliza_enieni. Kapulogalamu kaja palibe munthu wina anakawerengapo, ndipo ineyo sindinakayesepo ndi nambala yomwe yankho lake ndikulidziwa kale. ASPECT yokha ili ndi mayeso mazanamazana omwe amayenda nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu, ndipo ndinkaikhulupirira pa chifukwa chimenecho. Sindinaganize kuti mizere yanga 60 yokhala patsogolo pake ikufunanso mayeso. Ndinkaiona ngati kantchito kapambali, sayansi yeniyeni ili kwina.

Ndinayendetsa ma model oposa 40. Ndinapita ndi poster ku msonkhano waukulu wa akatswiri a sayansi ya dziko lapansi wa EGU ku Vienna, anthu anaima n'kuyamikira. Ndinalemba pepala, aphunzitsi ondiyang'anira anawerenga kawiri, tinalitumiza ku magazini ya akatswiri. Mayi anga ndinawauza pafoni kuti chaka chamawa ndikhala nditamaliza.

Mmodzi mwa ounika pepalalo anapempha chinthu chaching'ono: tionjezere chithunzi choonetsa kulimba kwa miyala kuchokera pamwamba mpaka pansi pa bokosi. Ndinachijambula Lachitatu lina masana n'kuchisiya patebulo. Mnzanga wa mu ofesi, mayi wina amene anali atamaliza kale PhD yake, anachinyamula akumwa khofi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga envulopu yakale ya kalata ya magetsi, anaitembenuza, n'kuyamba kulemba ndi pensulo. Anandifunsa kutentha kwa pa makilomita 25, ndinamuuza. Anafunsa liwiro, ndinamuuza. Anabaya kakyuleta ya pafoni mwina mphindi zitatu, n'kuzunguliza nambala yake, n'kuika envulopuyo pambali pa chithunzi changa. "Yanu ndi yanga zikusiyana kasanu ndi pang'ono. Mwina ndalakwitsa ndine. Tawerengerani inunso."

Ndinawerengera katatu. Nditatsegula kapulogalamu kaja, 3.5 anali pomwepo pamzere wa quartz, ngati mwala m'mpunga. Nkhongono zinazizira. Ndinakhala pampando mpaka onse anaweruka, magetsi a m'khonde anazima okha, ine ndikungoyang'ana mzere umodziwo.

Usiku umenewo maganizo oipa anandifikira, ndipo ndiwatchule chifukwa adzakufikirani inunso. Wounika sanaone cholakwikacho. Ndikanatha kujambula chithunzicho mwanjira yoti chisaonekere, pepala n'kudutsa, digiri n'kutenga. Ndinagona nawo maganizo amenewo masiku awiri, chakudya osalowa. Chimene chinandibweza ndi nkhope ya azakhali anga. Ndinkanena kuti ndikufufuza za nthaka imene iwo amagonapo, ndiye ndikanawauza chiyani za yankho lomwe ndikudziwa kuti ndi labodza? Lachisanu m'mawa ndinagogoda kwa aphunzitsi anga nditanyamula envulopu ija.

Sanakalipe. Anavula magalasi, anapuma mozama, n'kunena kuti tilembere akonzi a magazini tsiku lomwelo kuti tikulichotsa pepalalo. Anandikumbutsa za gulu lina la ofufuza mapuloteni ku America lomwe mu 2006 linachotsa mapepala asanu osindikizidwa kale chifukwa kapulogalamu kawo kopanga okha kanatembenuza manambala. Anati ine ndachita mwayi kuti zadziwika pepala lisanatuluke. Mawuwo anali oona, koma tsiku limenelo sanandilowe.

Mtengo wake unali uwu. Kuyambira tsiku lomwe ndinamata mizere ija mpaka tsiku la envulopu panadutsa miyezi 14, ndipo pafupifupi zonse za m'miyezi imeneyo zinapita kudzala. Maola a pakompyuta yaikulu omwe gulu lathu linapatsidwa chaka chimenecho ndinali nditadya gawo lalikulu, moti anzanga awiri anachedwa nawo chifukwa cha ine, ndipo tinadikira miyezi inayi kuti pempho latsopano livomerezedwe. Ndalama za zaka zitatu zinatha ndisanamalize. Aphunzitsi anandipezera miyezi isanu ndi umodzi, yotsalayo ndinadzilipirira ndi zomwe ndinasunga komanso ganyu yothandiza ophunzira a chaka choyamba. Viza ndinakaonjezera kawiri, ulendo uliwonse ndi makalata atsopano ndi mantha atsopano. Nyengo ya dzinja imeneyo sindinatumize ndalama ya feteleza kumudzi kwa nthawi yoyamba. Amayi anafunsa kuti, "Kodi mwanangu, sukulu yakoyo ilibe mapeto?" Ndinayankha kuti, "Amayi, ndinalakwitsa samu, ndikubwereza." Anakhala chete pang'ono, n'kuti, "Bwereza bwinobwino." Ukwati wa mng'ono wanga ndinauonera pa WhatsApp.

Pobwereza ndinayambira pansi. Ndinaphunzira Git m'masiku awiri okha, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti chinthu cha masiku awiri ndinachizemba zaka zinayi. Kapulogalamu kaja ndinakalembanso, ndipo mwala uliwonse ndinaupatsa mayeso ake: nambala yowerengera pamanja, papepala, yomwe code iyenera kuibweza isanaloledwe kuchita china chilichonse. Ndinaphunziranso kuyamba ndi zoyesera zomwe yankho lake dziko lonse likulidziwa. Chotchuka m'ntchito yathu ndi cha Blankenbach ndi anzake cha mu 1989, bokosi losavuta lotenthedwa pansi, lomwe pa Rayleigh number (muyeso wa mphamvu yotakasa zam'bokosimo) ya 10,000 liyenera kupereka Nusselt number (muyeso wa kutentha kodutsamo) ya 4.884. Ukapeza ina, usapitirire. Ndipo model iliyonse yaikulu isanapite kukadya maola, ndimajambula kaye kulimba kwa miyala n'kukuyerekeza ndi pensulo. Zimatenga mphindi khumi.

Chinandisintha kwambiri ndi msonkhano wa olemba ASPECT, womwe bungwe la Computational Infrastructure for Geodynamics limathandiza kukonza chaka ndi chaka, pomwe anthu amakhala pamodzi masiku angapo kulemba code. Ndinapita ndi manyazi, poganiza kuti andiona kuti sindidziwa C++. Kachidutswa koyamba komwe ndinapereka pa GitHub, tsamba logawirana code, kanabwera ndi ndemanga zoposa 20, ina yongonena za dzina la variable, ina yofunsa kuti mayeso ake ali kuti. Poyamba ndinamva ngati andivula pagulu. Kenako ndinaona kuti akuluakulu omwe anayambitsa pulogalamuyo nawonso code yawo imadutsa momwemo, ndipo amathokoza akakonzedwa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditalidya miyezi 14 ndili ndi anthu odziwa pakhomo loyandikana nalo. Ngati mukulemba code ya kafukufuku ndipo palibe munthu wachiwiri waiwerenga, pezani munthuyo sabata ino, ngakhale akhale mnzanu wa kalasi.

Ma model okonzedwa anapereka nkhani ina. Ndi crust yolimba, mng'alu waukulu unkapitiriza kunyamula katundu nthawi yaitali, ndipo ing'onoing'ono ya m'kati sinkafulumira kumera pokhapokha nditaika m'bokosimo mzere wofooka wakalekale. Izi zinagwirizana ndi zomwe ofufuza ena anasonyeza poyang'ana maginito a miyala ya ku Karonga, kuti ming'alu ya 2009 ikutsata mizere yakale ya Mughese Shear Zone. Crust yolimba ikugwirizananso ndi zivomerezi zakuya za m'chigwa chathu, monga cha ku Salima cha mu 1989 chomwe chinachokera pafupifupi makilomita 30 pansi. Umboni umenewu unalipo kale nthawi yonse ija ndinkasangalala ndi crust yofewa. Yankho latsopanoli silinali lodabwitsa ngati loyamba lija, koma linali loti ndingaliimire.

Nditamaliza PhD ndinagwa m'dzenje lachiwiri, losiyana ndi loyamba. Tsopano ndinali nditaikonda code, ndipo pa ntchito yanga yotsatira, kontirakiti ya zaka ziwiri, aliyense anadziwa kuti pali munthu wokonza zinthu. Wina pulogalamu yakana kuyenda pakompyuta yaikulu, amabwera kwa ine. Wina akufuna model yake ifulumire, kwa ine. Ndinkavomera zonse chifukwa zinkandisangalatsa, komanso chifukwa kwathu anatilera kuti mnzako akapempha dzanja sumukaniza. Zaka ziwiri zitatha, anzanga anali ndi mapepala atatu kapena anayi, ena mwa iwo oima pa code yanga, dzina langa lili m'mawu othokoza kumapeto. Ine ndinali ndi limodzi. Ndinafunsira ntchito za uphunzitsi ndi ndalama za kafukufuku malo asanu ndi anayi, ndipo onse anakana. Amene anandiyankha mwatsatanetsatane anati mapepala ndi ochepa. Mwaulemu, koma momveka.

Apa pali zinthu zomwe ndikanakonda wina akanandiuza tsiku loyamba. Musanayambe kulembera munthu code yoposa sabata imodzi, kambiranani za dzina lanu papepala, ndipo zilembedwe pa imelo. Si mwano, ndi mmene ntchitoyi imawerengedwera. Code nayonso ingathe kusindikizidwa: Journal of Open Source Software, yomwe inayamba mu 2016, imaunika pulogalamu yeniyeniyo ndipo silipiritsa, pomwe Geoscientific Model Development imalandira mapepala ofotokoza ma model. Zenodo imapatsa code yanu nambala yokhazikika yoizindikirira ya DOI kwaulere kuti ena aitchule. Ndipo ntchito imene ndinkagwira mosadziwa ija ili ndi dzina. Mawu oti Research Software Engineer anabadwa pa msonkhano wina ku Oxford mu 2012, ndipo lero mayunivesite ambiri ku Britain, Germany, Netherlands ndi America amalemba anthu pa udindo umenewu. Ine ndinazimva mochedwa, kwa mnzanga wa envulopu uja, amene ananditumizira chilengezo cha ntchito n'kulemba mzere umodzi wokha: "Iyi ndi yanu."

Ndi imene ndikugwira pano. Masiku anayi pasabata ndimalemba ndi kukonza mapulogalamu a magulu ena ofufuza, tsiku lachisanu ndi la chigwa cha kwathu, ndipo tsiku limenelo ndinalipempha lilembedwe mu kontirakiti ndisanasaine. Malipiro ndi ocheperapo poyerekeza ndi anzanga amene anapita kumakampani a mapulogalamu, kontirakiti ndi ya zaka zowerengeka, ndipo upulofesa mwina sindidzaufika. Pali masiku amene zimandipweteka kuona funso langa likuyenda pang'onopang'ono pamene ndikuthamangitsa mafunso a ena. Koma ndikaona wophunzira akubwera ndi chithunzi chokongola, maso akuwala, ndimakoka mpando, ndimatenga pensulo, n'kumufunsa kutentha kwa pa makilomita 25.

Ulendo wanga womaliza kumudzi ndinakwera basi mpaka ku Karonga. Azakhali akalamba tsopano. Khoma lija anamata ndi simenti, koma mzere wake ukuonekabe kuchokera pazenera mpaka pansi. Titadya, tinakhala pakhonde kuyang'ana mapiri a tsidya lija, ndipo anafunsanso funso lawo lija, ngati kuti tinalisiya dzulo. Ndinati, "Azakhali, chidzabweranso, koma tsiku lake palibe angakuuzeni, ngakhale ine ndi makompyuta anga. Chimene ndikudziwa n'chakuti ming'alu ili pansi pomwe pano, osati kumapiri kokha." Anagwedeza mutu, n'kuloza njerwa zomwe mdzukulu wawo waunjika kuseri kuti amange nyumba yake. M'mawa mwake ndinakhala naye mnyamatayo pamchenga, tikujambula ndi kamtengo pamene lamba wa konkire ayenera kudutsa pamwamba pa mazenera ndi zitseko, ndi mmene makona ayenera kulumikizirana.